Kuika Docker pa seva: makontena amene akatswiri akunenawa ndi chiyani?

Ofesi ikafuna pulogalamu yosungira maina ndi ndalama masiku ano, kaya ndi loji ya m'mbali mwa nyanja ku Nkopola, SACCO ya pa boma, sukulu ya sekondale ku Namwera kapena kachipatala ka mishoni, katswiri wobwera kudzaona ntchitoyo amakonda kulemba mzere uwu pa kotesheni yake: kuika Docker pa seva. Abwana amawerenga, amayang'ana mtengo, kenako amafunsa ngati chinthucho chikagulidwe ku Blantyre kapena chichokera kunja. Akayankhidwa kuti si chogula, ndi pulogalamu, ndipo mapulogalamu a ofesiyo azikhala m'makontena, m'pamene mutu umaima. Ambiri amangosaina poopa manyazi ofunsa kachiwiri.

Kufunsako n'koyenera. Ndalama ndi za ofesi, ndipo zimene zikasungidwe mmenemo ndi maina a odwala, a ana asukulu, a mamembala ndi ngongole zawo. Ntchito yeniyeni yoika Docker ndi yaifupi. Intaneti ikakhala kuti ikukoka bwino, ola silikwana. Zimene mwini seva ayenera kumvetsa ndi zobwera pambuyo pake: deta ikhala pati, ulamuliro uli m'manja mwa yani, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso, chimene chidzuke chokha ndi chiti. Kuti tikafike kumeneko, tiyambe ndi seva imene.

Seva

Seva ndi kompyuta yomwe ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ena ndi mafoni. Wolandira alendo akalemba dzina la mlendo pa laputopu yake, dzinalo limadutsa pa waya kapena pa Wi-Fi kukasungidwa pa seva, ndipo wowerengera ndalama m'chipinda china amalipeza komweko. Seva ikhoza kukhala makina okwera mtengo otsekeredwa m'kabati yachitsulo, ikhozanso kukhala kompyuta yakale yoikidwa pakona, bola izikhala chiyakire. Ena amabwereka: amalipira mwezi ndi mwezi kampani yakunja, makinawo ali ku Johannesburg, Cape Town kapena Frankfurt, iwo n'kumangowafikira pa intaneti. Microsoft inatsegula malo ake a maseva ku South Africa mu 2019, Amazon n'kutsegula ake ku Cape Town mu 2020.

Maseva ambiri amayendera Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse monga imachitira Windows, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Mitundu yake yodziwika pa ntchito imeneyi ndi Debian ndi Ubuntu Server. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndipo uliwonse umalandira zigamba za chitetezo kwaulere kwa zaka 5. Pa seva yotere sipakhala zithunzi zodina ndi mausi. Pamakhala sikirini yakuda yolembapo malamulo, ndipo katswiri akhoza kuilamula ali ku Zomba kapena ku Lilongwe kudzera pa njira yotchedwa SSH.

Vuto limene linabala zonsezi

Pulogalamu siyenda yokha. Imatsamira pa zinthu zina: chilankhulo chimene inalembedwera, monga Python, Java kapena PHP, tizidutswa tothandizira tolembedwa ndi anthu ena, ndiponso database, nkhokwe yosungiramo deta, ngati PostgreSQL kapena MySQL. Chilichonse mwa izi chili ndi nambala ya mtundu wake, ndipo pulogalamu imafuna nambala imene inazolowera. Ndiye zimachitika kuti pa seva imodzi pulogalamu ya malipiro ikufuna PHP 7, pomwe ya laibulale ikufuna PHP 8. Mukasangalatsa iyi, inayo yagwa. Mukaimbira amene analemba pulogalamuyo, amayankha kuti kwake ikuyenda bwinobwino, ndipo sakunama ayi, chifukwa pa kompyuta yake pali tizidutswa timene pa yanu palibe.

Yankho loyamba linali virtual machine, kompyuta yongoyerekeza yokhala m'kati mwa kompyuta yeniyeni. IBM inkachita kale izi pa makina ake akuluakulu m'zaka za m'ma 1960, ndipo VMware, yomwe inayamba mu 1998, inazibweretsa pa makompyuta wamba. Virtual machine iliyonse imakhala ndi Linux kapena Windows yakeyake yathunthu, imadzuka payokha, imadya RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo) ndi disiki yakeyake. Pa seva yaikulu zimenezi si nkhani. Pa kompyuta ya RAM ya 8 GB, zitatu zokha zayamba kale kuilemetsa.

Tiyerekeze ndi puloti ya nyumba za lendi. Virtual machine ndi mwini puloti amene wamangira wobwereka aliyense nyumba yoima payokha, maziko ake, denga lake, mita yake ya ESCOM, mpopi wake. Kontena ndi mdadada wa zipinda: aliyense ali ndi chitseko ndi loko wake, katundu wake sasakanikirana ndi wa mnzake, koma denga ndi limodzi, mita ndi imodzi, mpopi ndi umodzi. Mdadada ndi wotchipa kumanga, ndipo pa puloti yomweyo pamakwana anthu ambiri. Koma mpopi ukaphulika onse agona osasamba, ndipo khoma lapakati silingafanane kulimba ndi mpanda. Njira ziwirizi zimagwiritsidwa ntchito mpaka lero, nthawi zambiri pamodzi. Seva yobwereka kunja ija kawirikawiri imakhala virtual machine, ndipo makontena amaikidwa m'kati mwake.

Kontena imene

Chimene makontena onse a pa seva imodzi amagawana ndi kernel, mtima wa Linux umene umalankhula ndi purosesa, RAM, disiki ndi netiweki. Kontena ndi pulogalamu wamba yoyenda pa kernel yomweyo, kungoti yatchingidwa. Zotchingira zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Namespaces zimachepetsa zimene pulogalamu ikuona: imaona mafayilo ake okha, netiweki yake yokha, ndipo ikayang'ana mndandanda wa mapulogalamu oyenda imadzipeza ili yoyamba, ngati kuti seva yonse ndi yake. Cgroups zimachepetsa zimene ikhoza kudya: mungaiuze kuti RAM yake isapitirire 1 GB, kapena kuti isatenge purosesa yoposa imodzi. Mu mdadada uja, namespaces ndi makoma ndi maloko, cgroups ndi muyeso wa madzi amene chipinda chilichonse chiloledwa kutunga. Malire amenewa sadziika okha. Mukapanda kuwalemba, kontena imodzi yosokonekera ikhoza kumaliza RAM yonse, zinzake n'kukomoka.

Chifukwa choti kontena siidzutsa kernel yake, imayaka m'kamphindi, pomwe virtual machine imayamba yadzutsa zake zonse. Pa chifukwa chomwechonso, kontena ya Linux imafuna kernel ya Linux. Amene amayendetsa Docker pa laputopu ya Windows kapena Mac amakhala ndi ka Linux kobisika koyenda pansi, ngakhale iwo sakaona.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa Docker. Mu 1979 Unix, imene Linux inatengerako, inalandira chroot, lamulo lotsekera pulogalamu mu foda imodzi kuti iziona ngati disiki yonse ndi yomweyo. FreeBSD, mtundu wina wa Unix, inabweretsa jails mu 2000, Solaris, mtundu winanso, n'kutsatira ndi Zones. Akatswiri a ku Google anayamba cgroups mu 2006, ndipo zinalowa mu kernel ya Linux 2.6.24 kumayambiriro kwa 2008, chaka chomwe LXC, chida chopangira makontena, inatulukanso. Zipangizo zinalipo, koma kuzilumikiza kunkafuna munthu wozama. Docker inaonetsedwa koyamba mu Malichi 2013 ndi Solomon Hykes wa kampani ya dotCloud, ndipo chatsopano chake chinali njira yosavuta yolongedzera pulogalamu ndi zonse zimene imadalira m'phukusi limodzi, kulitumiza, ndi kulitsegula kwina likuyenda chimodzimodzi. Dzina ndi chizindikiro chake, namgumi wosenza makontena, zinatengedwa ku makontena a sitima zapamadzi, omwe aja amatifikira kudzera ku Nacala, Beira ndi Dar es Salaam. Mu 2015 makampani akuluakulu anakhazikitsa Open Container Initiative kuti mapangidwe a phukusili akhale amodzi, asakhale a kampani imodzi. N'chifukwa chake phukusi lopangidwa ndi Docker limayendanso pa zida zina.

Image komanso bandulo yanu

Phukusi lija limatchedwa image. Image siyenda, ndipo sisintha. Kontena ndi image imene yadzutsidwa. Kuchokera pa image imodzi mukhoza kudzutsa makontena ambiri. Ma image amasungidwa pa intaneti m'nkhokwe zotchedwa registry, ndipo yodziwika kwambiri ndi Docker Hub. Aliyense akhoza kuikako image yake, kotero si zonse zodalirika. Pali zina zolembedwa kuti ndi zovomerezeka, monga za PostgreSQL, nginx ndi Ubuntu, palinso zofalitsidwa ndi eni mapulogalamu. DHIS2, pulogalamu ya University of Oslo yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a m'zipatala, ili ndi ma image ofalitsidwa ndi eni ake. Image ya munthu wosadziwika imafunika kuiopa, chifukwa mukuilowetsa m'kati mwenimweni mwa seva.

Image imamangidwa mosanjikiza. Pansi pamakhala mafayilo a Linux ochepa, pamwamba pake chilankhulo, pamwamba pa zonse pulogalamu. Ma image awiri akakhala ndi tsinde limodzi, tsindelo limatsitsidwa kamodzi kokha. Kwa ife kuno zimenezi ndi ndalama. Image ya Alpine Linux sifika 10 MB, koma ya database kapena ya pulogalamu ya Java imafika ma MB mazanamazana, ndipo sisitimu imodzi ikhoza kufuna ma image anayi kapena asanu. Ofesi yodalira bandulo ya Airtel kapena TNM iyenera kudziwa kukula kwake isanayambe kutsitsa. Kuyambira mu Novembala 2020 Docker Hub inaikanso malire a kangati munthu wopanda akaunti angatsitse pa nthawi, ndipo imawerengera pa adiresi ya intaneti. Pa netiweki ya mafoni anthu ambiri amatulukira pa adiresi imodzi, ndiye mukhoza kukanidwa chifukwa cha zimene atsitsa ena.

Pali njira imene ndimaiona yofunika kwambiri kwa anthu a ku Makanjira, Katuli kapena kulikonse kumene netiweki imabwera n'kumapita. Katswiri amatsitsa ma image pamalo pomwe intaneti ili bwino, n'kulemba docker save, lamulo lomwe limasandutsa image kukhala fayilo imodzi. Fayiloyo imakwera matola ili pa fulashi m'thumba. Akafika amalemba docker load, ndipo image ija yalowa popanda kudya bandulo ngakhale pang'ono.

Chenjezo limodzi pa maina. Image imakhala ndi chizindikiro kumapeto, monga postgres:16. Mukapanda kulemba nambala, Docker imatenga yolembedwa latest, yomwe mawa ikhoza kukhala mtundu wina. Database yolembedwa ndi PostgreSQL 16 siingotseguka yokha ndi 17. Pa seva ya ntchito, nambala izilembedwa.

Kuika kwenikweni

Katswiri wosamala amayamba waona zinthu zingapo. Amaona ngati Linux ili ya 64-bit ndiponso ngati ikulandirabe zigamba. Amaona mtundu wa purosesa, chifukwa image yomangidwira purosesa ya amd64 siyenda mwachindunji pa ya arm64 ya kakompyuta ka Raspberry Pi. Amaona malo otsala pa disiki. Amaonanso wotchi, ndipo apa m'pamene makompyuta akale amapusitsa anthu. Kabatire kozungulira ka pa motherboard kakatha, magetsi akathima tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zingapo, ndipo seva imakana ziphaso za chitetezo za pa intaneti poganiza kuti nthawi yake sinakwane. Munthu amada netiweki tsiku lonse pomwe vuto ndi kabatire.

Njira zoikira zilipo zitatu zodziwika. Ubuntu ndi Debian zili ndi phukusi lawolawo lotchedwa docker.io, losavuta kuika, koma nthawi zina limatsalira m'mbuyo pa nambala. Njira yachiwiri ndi kutenga kwa eni ake: mumachotsa kaye zakale zimene zingalimbane nayo, mumatsitsa kiyi yotsimikizira kuti mapukusi akuchokeradi kwa Docker, mumaonjezera adiresi ya download.docker.com pa mndandanda wa apt, chida choikira mapulogalamu, kenako mumaika docker-ce, docker-ce-cli, containerd.io, docker-buildx-plugin ndi docker-compose-plugin. Yachitatu ndi script, fayilo ya malamulo, ya pa get.docker.com yomwe imachita zonsezi ndi mzere umodzi, koma eni ake amanena okha kuti salimbikitsa kuigwiritsa ntchito pa seva ya ntchito yeniyeni. Chimene chimabweretsa chisokonezo ndi kusakaniza njira ziwiri pa seva imodzi. Njira imene yasankhidwa ilembedwe m'kope la ofesi.

Zikatha, pamabwera mayeso. Katswiri amalemba sudo docker run hello-world n'kudina Enter. Sikirini imayamba yanena kuti image imeneyo siikupezeka pa seva pano. Kenako imaonetsa kuti ikuitsitsa kuchokera ku library/hello-world, kamzere kamayenda, ndipo pamatuluka mawu oti "Hello from Docker!" ndi ndime yofotokoza zimene zachitika. Lamulo munalemba lija lalankhula ndi daemon, pulogalamu ya Docker yoyenda mwakachetechete kumbuyo; daemon yatsitsa image, yadzutsa kontena, kontenayo yalemba uthenga n'kuzima. Mukaona zimenezo, Docker yalowa.

Sisitimu yeniyeni imakhala ndi makontena angapo, wina wa pulogalamu, wina wa database, wina wolandira alendo a pa intaneti. Onsewa amalembedwa mu fayilo imodzi yaing'ono, compose.yaml, ndipo docker compose up -d imawadzutsa pamodzi. Fayilo imeneyi ndi imene imafotokoza mmene sisitimu yonse inamangidwira. Mwini ofesi akhale ndi kope lake, pamodzi ndi fayilo ya mawu achinsinsi imene imayenda nayo.

Zimene hello-world sikuuzani

Nkhani yoyamba ndi deta. Kontena inapangidwa kuti izitayidwa. Pulogalamu ikatuluka mtundu watsopano, mumachotsa kontena yakale n'kudzutsa ina, ndipo chilichonse chimene chinalembedwa m'kati mwa yakaleyo chimapita nayo, monga chipinda chimasesedwa wobwereka akasamuka. Zofunika kusunga zimaikidwa mu volume, malo a pa disiki ya seva amene kontena imangowabwereka. Funso loti mufunse katswiri ndi lolunjika: database yathu ili mu volume iti? Dziwaninso kuti docker compose down imazimitsa ndi kuchotsa makontena n'kusiya ma volume, koma mukaonjezera -v kumapeto imafufutanso ma volume. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri.

Volume si backup, kope la deta losungidwa kwina. Ili pa disiki yomweyo, m'chipinda chomwecho, pansi pa denga lomwelo. Disiki ikafa, mphezi ikaomba kapena akuba akanyamula makinawo, volume yapita. Database ya PostgreSQL imakoperedwa ndi pg_dump, fayiloyo n'kukasungidwa kwina kunja kwa ofesi, ndipo pakapita nthawi wina ayese kuibwezeretsa pa kompyuta ina kuti aone ngati ikutseguka. Pa zonse zimene zili m'nkhani ino, ichi ndi chimene ndingachondelere ofesi iliyonse kuti isachinyalanyaze.

Yachiwiri ndi ulamuliro. Daemon ya Docker imayenda ndi mphamvu za root, mwini zonse pa Linux. Kulemba sudo, mawu opempha mphamvu za root, nthawi zonse kumatopetsa, ndiye ambiri amalowetsa dzina lawo mu gulu lotchedwa docker. Aliyense wa mu gulu limenelo akhoza kudzutsa kontena yomwe ikuona disiki yonse ya seva, kutanthauza kuti mphamvu zake n'zofanana ndi za root. Wophunzira ntchito akalowetsedwamo kuti azingodzutsa pulogalamu, wapatsidwa makiyi a puloti yonse. Pali njira yoyendetsera Docker popanda root, ngakhale ili ndi zoletsa zake.

Yachitatu imadabwitsa ngakhale anthu odziwa. Pa Ubuntu ambiri amatseka makomo a netiweki ndi firewall yotchedwa ufw. Koma mukatsegulira kontena poti, khomo la netiweki lokhala ndi nambala, monga 5432 ya PostgreSQL, Docker imalemba malamulo akeake a netiweki omwe amalambalala ufw. Firewall imaonetsa kuti khomo ndi lotseka pomwe lili pululu. Pa seva yobwereka yomwe ili ndi adiresi yoonekera dziko lonse, database yotere imapezedwa ndi makina osakasaka amene amagogoda makomo usiku ndi usana. Database imene imalankhula ndi pulogalamu yokha siifunika kutsegulidwira kunja n'komwe, ndipo ikafunika, imangiriridwe ku 127.0.0.1 kuti izimveka pa seva pomwepo basi.

Yachinayi ndi magetsi. Mphamvu zambiri za dziko lino zimapangidwa pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi omwewa amene amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense akukumbukira mmene kuthima kunalili. Seva ya kuno iyenera kukonzedwa ngati chinthu chimene chidzazimitsidwa mwadzidzidzi. Pamafunika zinthu zitatu zotsatizana kuti idzuke popanda munthu. Mu BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta Linux isanayambe, mukhale motsegula kuti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera. Docker iziyamba Linux ikadzuka, zomwe pa Ubuntu ndi Debian zimachitika kale. Chachitatu chimaiwalika kawirikawiri: kontena iliyonse ipatsidwe lamulo la restart, monga unless-stopped, chifukwa popanda ilo imangogona mpaka wina aidzutse. UPS yaing'ono, batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima, siyendetsa ofesi tsiku lonse, koma imapatsa database mpata wotseka mabuku ake bwino. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno nakonso si kwamasewera kwa kompyuta yotsekeredwa m'kabati mopanda mphepo, fani yake itadzaza fumbi.

Ndinaonapo pa ofesi ina kuno sisitimu itaima m'mawa wa tsiku la malipiro, anthu ali pamzere panja. Netiweki inali bwino, magetsi analipo. Disiki ndi imene inadzaza. Docker imalemba chilichonse chimene kontena yalankhula mu fayilo ya log, ndipo mukapanda kuika malire mu /etc/docker/daemon.json, fayiloyo imangokula miyezi ndi miyezi. Ma image akale nawonso amaunjikana mu /var/lib/docker. Lamulo la docker system df limaonetsa chimene chikudya malo, ndipo ndi bwino wina aziliyang'ana kamodzi pa mwezi.

Chomaliza ndi zigamba. Mukakonza Ubuntu ya pa seva, zam'kati mwa makontena zimakhala mmene zinalili, chifukwa kontena iliyonse inabwera ndi tizidutswa take. Mu Disembala 2021 chibowo chachikulu chitapezeka mu Log4j, kachidutswa ka Java kopezeka m'mapulogalamu ambirimbiri, maofesi padziko lonse anayenera kufufuza image iliyonse payokha ndi kutsitsa yokonzedwa. Ntchito imeneyi imafuna munthu, nthawi ndi bandulo, ndipo m'makotesheni ambiri simuipeza.

Docker yokha?

Ayi. Podman, yomwe Red Hat imaitsogolera, imayendetsa ma image omwewo ndi malamulo ofanana kwambiri, ilibe daemon yoyenda nthawi zonse, ndipo inamangidwa kuti iziyenda mosavuta popanda root. Docker ili ndi anthu ambiri oidziwa, ndipo malangizo a mapulogalamu ambiri amalembedwera iyo. LXD ndi Incus zimapanga makontena ooneka ngati Linux yathunthu. Kubernetes, yomwe Google inatulutsa mu 2014, imayang'anira makontena pa maseva ambiri nthawi imodzi. Ofesi ya seva imodzi ikauzidwa kuti ikufunika Kubernetes, ili ndi ufulu wofunsa chifukwa chake. Mu 2022 Kubernetes inachotsa kachidutswa kake kolumikizira Docker mwachindunji, anthu n'kumva ngati Docker yatha, koma ma image ake akuyendabe mmenemo monga kale.

Pa nkhani ya kulipira pamakhala kusamvana. Docker Engine, imene imaikidwa pa seva ya Linux, ndi yaulere pansi pa laisensi ya Apache 2.0. Docker Desktop, ya pa laputopu, ndi imene kuyambira mu 2021 imalipiritsa makampani a antchito oposa 250 kapena opeza ndalama zoposa madola 10 miliyoni pa chaka. Ndalama ya pa kotesheni ija ndi ya luso ndi nthawi ya katswiri.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la malo. Seva ya mu ofesi imagwirabe ntchito intaneti ikaduka, koma imadalira magetsi, mphepo ndi loko wa pakhomo. Yobwereka kunja sithima magetsi akathima kuno, koma imalipiridwa m'madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yomweyo inakwera tsiku limodzi. Kupeza khadi yolipirira kunja nako ndi nkhani ina. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, yasintha masamu amenewa kwa ena a m'mbali mwa nyanja, koma nayonso imafuna magetsi ndi ndalama mwezi uliwonse. Makontena amapeputsa kusamuka kuchoka kwina kupita kwina, koma sasankhira munthu kokhala.

Lachiwiri ndi la malamulo. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe MACRA inapatsidwa udindo woiyang'anira, ndipo imakhudzanso kutumiza zinsinsi za anthu kunja kwa dziko. Chipatala kapena SACCO yosunga maina pa seva ya ku Frankfurt iyenera kufunsa odziwa malamulo kuti zimenezi zikuikhudza motani, ndipo mmene lamuloli lizitsatidwira m'maofesi ang'onoang'ono a m'maboma zidzaoneka m'kupita kwa nthawi.

Lachitatu akatswiri amatsutsana okhaokha: kodi khoma la kontena ndi lolimba mokwanira kuti mapulogalamu a mabungwe awiri osiyana akhale pa kernel imodzi? Zibowo zolola pulogalamu kutuluka m'kontena zinapezekapo, monga cha mu runc, kachidutswa kodzutsa makontena, mu 2019, n'kutsekedwa. Ena amati chisamaliro chabwino n'chokwanira, ena amati deta ya odwala iziikidwa mu virtual machine yakeyake. Palinso otsutsana ngati database iyenera kukhala m'kontena n'komwe, kapena iziikidwa mwachindunji pa seva.

Ndipo pali funso la anthu. Sisitimu zambiri za m'boma muno la Mangochi zimabwera ndi pulojekiti ya zaka zingapo kapena ndi katswiri mmodzi wochokera kutauni. Pulojekiti ikatha, kapena katswiriyo akapeza ntchito ku Johannesburg, ndani mu ofesimo amadziwa kumene kuli compose.yaml, mawu achinsinsi a root ndi backup yomaliza? Kodi aphunzitsidwe ndi mmodzi wa antchito, kapena maofesi angapo a pa boma, ku Monkey Bay ndi ku Namwera agawane katswiri mmodzi wokhala konkuno, ndipo malipiro ake azichokera mu bajeti ya yani?